Mawu Akuti Unlock ndi Zitseko za Kwathu

(Kulira kwa kalimba, kutsike pang'onopang'ono, wolankhula ayambe.)

Inu nonse amene mwazungulira wailesi madzulo ano, kuyambira ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, kudzera kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe ndi kwa Kathumba, mpaka ku Nyanje m'boma la Sinda ndi kwa Pembamoyo ku Vubwi, kumene dziko lathu lagundana mapewa ndi Malawi ndi Mozambique. Ndipempha kuti mundibwereke makutu anu kanthawi.

Musanamve liwu langa, alipo wina pakati panu amene anatuma mwana nati, "Katsegule wailesi timve za lero"; ndipo mwanayo, ngakhale kuti wailesi ilibe chitseko, ilibe mpiringidzo, ilibenso chivundikiro choti n'kuchotsa, sanaime kufunsa tanthauzo, koma anangopotokola kachitsulo kake, mawu n'kuyamba kutuluka. Umo ndimo alili mawu athu akuti kutsegula, amene ambiri kuno timati kutsekula: amasenza katundu wambiri osadandaula. Timatsegula chitseko, timatsegula sukulu tchuthi chikatha, wapampando amatsegula msonkhano ndi pemphero, mwana akamwa madzi oipa amatsegula m'mimba, ndipo munthu amene anali mumdima pa nkhani ina, mnzake akamulongosolera bwino, amathokoza kuti wamutsegula m'maso. Mngelezi anagawa ntchito imeneyi pawiri. Akakankha chitseko kuti alowe amati open. Koma akalowetsa kiyi m'loko napotokola, chitseko chikali chiimire pamalo pake, amati unlock. Mawu achiwiriwa ndiwo ndadza nawo, pakuti analowa m'midzi mwathu osaodira, ali pa galasi la mafoni athu, ndipo ana amawawerenga kambirimbiri pa tsiku osadziwa kwawo kwa mawuwo. Mlendo wotere ayenera kufunsidwa malonje.

Koma ndisanaoloke nyanja, ndiloleni ndiyambire pakhomo pa agogo anga obala amayi, m'mudzi umene ndinagwetsera mchombo. Chitseko chawo chinali cha bango lomangidwa ndi luzi, chopepuka kotero kuti mwana wa zaka zisanu akadatha kuchinyamula. Popita kumunda ankachikokera pakhomo, natenga mpiringidzo, mtengo wosalala chifukwa cha manja amene anaugwira zaka zambiri, naulowetsa m'chingwe chimene chinali pakati pa chitsekocho, nsonga zake ziwiri n'kugwira uku ndi uku kwa khomo. Basi, khasu paphewa, ulendo. Mpiringidzo umenewo unali kuletsa mbuzi, galu ndi nkhumba. Munthu sunali kumuletsa, unali kungomuuza kuti eni nyumba kulibe. Chimene chinali kubweza munthu pakhomo paja chinali manyazi, maso a anansi amene sanali kugona onse nthawi imodzi, bwalo la mfumu, ndiponso mantha akuti kapena nyumbayo inatsirikidwa. Sindinena kuti mbala kunalibe, pakuti milandu ya mbuzi ndi ya chimanga cha m'nkhokwe inali kuzengedwa ndithu. Ndinena kuti pachitseko chotere kuchotsa mpiringidzo ndi kukankha chitseko inali ntchito imodzi ya dzanja limodzi, ndipo ntchito imodzi siifuna maina awiri.

Loko woyamba amene ndinamuona ndi maso anga sanali pachitseko ayi. Anali pa bokosi lachitsulo la atsibweni anga, limene anabwera nalo kuchokera ku Walale atatha zaka zambiri pa ntchito, anthu atayamba kale kuwawerengera pamodzi ndi machona. Anali loko wamkuwa wosaposa chikhatho cha mwana, ndipo kiyi wake ankakhala pa kachingwe m'khosi mwawo, usana ndi usiku, ngakhale posamba. M'bokosimo munali bulangeti, jekete lovala Lamulungu, chiphaso cha msonkho, ndi ndalama zokulungidwa m'kansalu. Ife ana tinkakhala pansi kudikira kamphindi kaja pamene kiyi atembenuka, loko n'kulira kuti khethe, khosi lake n'kudumpha. Chotero loko anafika kwathu pa ulendo umodzi ndi ndalama ndi msonkho. Anayamba pa bokosi, pambuyo pake anakwera pa chitseko cha matabwa, pa golosale, pa chigayo ndi pa njinga. Maina ake anabwera naye, lilime lathu n'kuwasula kuti atikwane: lock anakhala loko, key anakhala kiyi. Ndipo taonani chinthu chimene chimandikondweretsa: Mngelezi anatcha ntchito yotseka ija potengera loko, koma makolo athu, pofuna mneni, anayang'ana kiyi nati kukiya, monga ngati anaona msanga kuti nkhani yaikulu siili pa chitsulo chopachikidwa pakhomo, koma pa munthu amene wasunga kiyi.

Tsono tiyeni kwawo kwa mawuwa. Ali ndi ziwalo ziwiri, un ndi lock. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, pamene Angelezi anali anthu a m'midzi, olima ndi oweta nkhosa, okhala m'nyumba za mitengo zofolera ndi udzu, anali ndi dzina lakuti loc, ndipo tanthauzo lake linali mpiringidzo wa pachitseko, kapena malo otchingidwa monga khola, kapenanso pangano limene anthu amanga nkhani ikatha. Anali ndi mneni wakuti lucan, kutseka kapena kumanga zolimba, ndipo pofuna kunena za kubweza ntchitoyo ankati unlucan kapena onlucan, amene ali kholo la unlock wa lero. Muone tsono kuti loko amene timagula pamsika wa ku Katete, dzina lake linayambira pa mtengo wopingasa pakhomo, wonga uja wa agogo anga. Abale a mawuwa akalipo m'zinenero zoyandikana: Mjeremani akati Loch anena dzenje kapena chiboo, ndipo anthu akale a ku Norway ndi Iceland akati lok ankanena chivundikiro. Wulfila, bishopu amene anamasulira Malembo m'chinenero cha Agoti zaka za m'ma 300, anagwiritsa ntchito mbale wa mawu omwewa ponena za Ambuye akutsegula maso a munthu wosaona. Ndipo m'ndakatulo yakale ya Beowulf, imene buku lake lolembedwa pamanja cha m'ma 1000 likusungidwa ku British Library mu London, mlakatuli pofuna kunena kuti ngwazi inayamba kulankhula, anaifanizira ndi munthu amene akutsegula mosungira chuma chake cha mawu. Fanizo limenelo Mchewa salifunira womasulira, pakuti ifenso timadziwa kuti m'chifuwa cha munthu wamkulu muli nkhokwe, ndipo satapamo pamaso pa aliyense.

Pano ndichenjeze ana a sukulu pa misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti si lock aliyense ali loko. Lock wa tsitsi, amene mumamumva m'dzina la tsitsi lopotana lija la dreadlocks, ndi mawu ena a kholo lina. Wedlock, mawu akale onena za ukwati, alibe loko m'kati mwake ngakhale pang'ono: wed linali lonjezo kapena chikole, ndipo chakumapetocho chinali lac, kachiwalo kosonyeza mchitidwe; choncho amene amaphunzitsa kuti Angelezi anatcha ukwati ndende, aphunzitsa chimene mawuwo sananene. Msampha wachiwiri ndi waukulu. Chingerezi chili ndi a un awiri, ofanana nkhope ngati mapasa, koma a mimba zosiyana. Wina amakana chabe: happy ndi wokondwa, unhappy ndi wosakondwa, ameneyu ndi sa wathu uja wa mu wosadya ndi wosamva. Mnzakeyo sakana, koma amabweza ntchito imene inachitika kale, ndipo anachokera ku mawu akale otanthauza kutsutsana kapena kubwerera. Ndiye ali mu untie, undress, uncover ndi unlock. Sungathe kuchita unlock chitseko chimene sichinakiyidwe, monga momwe sungavule malaya amene sunavale.

Apa ndipo pagona mtima wa nkhani yanga, ndipo ndipempha aphunzitsi a ku Chassa, a ku Katete, a ku Vubwi ndi a m'masukulu onse a m'midzi kuti amvetsere. Mwana wa Chichewa amene mukumulembera un pa bolodi ngati chinthu chachilendo chochokera kutali, ali nacho kale chinthu chomwecho m'kamwa mwake, anachiyamwira kubere, kungoti Mngelezi amachiika kutsogolo kwa mneni pamene ife timachiika kumbuyo. Timatseka, n'kutsekula, timavala, n'kuvula, timamata, n'kumatula, timayala mphasa madzulo, m'mawa n'kuyalula, mayi amavundikira mphika, ndiwo zikapsa n'kuvundukula, timazika mtengo, n'kuuzula, timaviika chimanga m'madzi, n'kuchivuula, timafunya nsalu, n'kuifunyulula. Ndipo lilime lathu lili ndi khutu lakuthwa, pakuti mneni akakhala ndi o, ula uja amasanduka ola, n'chifukwa chake chimene takoloweka timachikolowola. Palibe mwana wa zaka zinayi amene amalakwa pa zimenezi, chikhalirecho palibe anamuphunzitsa lamulo lake. Zimandiwawa ndithu kuona mwana wotere akuloweza mndandanda wa mawu a Chingerezi ndi mantha, ngati munthu wosauka wopempha pakhomo pa eni chuma, pamene mphunzitsi akadangoti, "Mwanawe, un uyu ndi ula wako yemwe uja," mwanayo akadamva tsiku lomwelo, nadziwanso kuti chinenero cha amake chili ndi malamulo ake akuya, osachepera a chinenero china chilichonse.

Ndiponso tisaiwale kuti kiyi asanatchuke tinali ndi mawu ena, amene okalamba ndi owerenga Malembo akali nawo: mfungulo, kapena chifungulo, zambiri mafungulo. Yang'anani mapangidwe ake. Monga chitseko chichokera ku kutseka, chivundikiro ku kuvundikira, mpiringidzo ku kupiringidza, momwemonso m'kati mwa chifungulo muli ula yemwe uja, ndipo mawuwa ali pa ubale ndi a Chiswahili, m'mene kufunga ndi kutseka, kufungua ndi kutsegula, ufunguo ndi kiyi. Chifungulo tsono ndicho chobwezera kutseka, dzina lonena ntchito yake yeniyeni. Omasulira Buku Lopatulika, amene anagwira ntchitoyo motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, buku lonse n'kutuluka mu 1922, anasankha mawu amenewa pa malo aulemu. Mudzawapeza pa Mateyu 16, pamene Petro apatsidwa udindo wake, ndi pa Chivumbulutso 3. Ndipo pa Luka 11 Ambuye adzudzula akatswiri a chilamulo chifukwa cholanda anthu chotsegulira nzeru, iwo eni osalowa, olowa n'kuwatsekereza. Pa Yesaya 22 pali chithunzi chimene chimadodometsa owerenga ambiri: Eliyakimu, poikidwa kukhala kapitao wa nyumba ya mfumu m'malo mwa Sebina, aikidwa chifungulo paphewa. Munthu wozolowera kiyi wa m'thumba afunsa kuti, paphewa bwanji?

Yankho lake lili m'mapangidwe a maloko a nthawi imeneyo. Anali a mtengo, ndipo zotsalira za loko wotere zinapezeka m'mabwinja a nyumba yachifumu ya ku Khorsabad, pafupi ndi Nineve. Unali mpiringidzo waukulu wobooledwa ziboo pamwamba. Ukalowa m'malo mwake, tizikhomo tamtengo tinkagwera m'ziboomo, mpiringidzo n'kukanika kusuntha. Chifungulo chinali mtengo wautali wokhala ndi mano kunsonga, oikidwa molingana ndi tizikhomo tija, kotero kuti ukachilowetsa ndi kutukula, tizikhomo tonse tinkakwera pamodzi, mpiringidzo n'kumasuka. Cha pachipata chachikulu chinali katundu wosenza ndithu, ndipo aliyense woona munthu atachisenza ankadziwa kuti uyu ndiye wokhulupirika wa mfumu. Nzeru yomweyo ndiyo ili m'maloko ambiri a kiyi wa mano amene tili nawo lero, monga anaikonzera Linus Yale wamng'ono wa ku America m'zaka za 1861 ndi 1865. M'kati muli tizitsulo tosiyana msinkhu, tokankhidwa ndi timasipuling'i. Mano a kiyi, amene amaoneka ngati mapiri ndi zigwa, amatukula kachitsulo kalikonse kufika pa muyeso wake, ndipo tonse tikalingana pa mzere umodzi, mtima wa loko umatembenuka. Kamodzi kokha kakatsalira, ngakhale ndi mpata wonga wa tsitsi, loko amakana. N'chifukwa chake loko akauma ndi fumbi la mu Okutobala musamuthire saladi, amene amagwira fumbi n'kusanduka phala. Pakani kiyi ndi mtima wakuda wa pensulo, mulowetse ndi kutulutsa kangapo, adzafewa.

Mwaona tsono kuti unlock si ntchito ya mphamvu. Wobwera ndi nyundo kapena chitsulo chokanulira sachita unlock; amathyola, ndipo Chingerezi chomwe chili ndi mawu ena a ntchito yakeyo. Ku London, Joseph Bramah, amene anapanga loko wake mu 1784, anaika mmodzi pa windo la sitolo yake, nalonjeza mphotho ya ndalama za golide 200 kwa aliyense amene angamutsegule popanda kiyi wake. Loko uja anakhala pamenepo zaka zambiri, kufikira mu 1851 pamene Alfred Hobbs wa ku America anamugonjetsa, atalimbana naye maola 51. Mwini kiyi akadachita zomwezo m'kuphethira kwa diso.

Masiku ano bokosi lachitsulo la atsibweni lija linalowa m'thumba la malaya. Ndalama za soya, za mtedza ndi za thonje, ndi zimene ana amatumiza kuchokera ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Joni, zimagona m'foni, ndipo kiyi wake sakhalanso pa kachingwe m'khosi koma m'mutu, ndiwo manambala achinsinsi aja timati PIN. Achinyamata apanga kale mneni wawo, amati foni yaloka, ndikufuna kuianloka. Sindiwadzudzula, pakuti makolo awo anachita chimodzimodzi ndi kukiya. Koma mawu amodzi omwewa aphimba zinthu zosiyana, ndipo tiyenera kuzivundukula. Mukaphonya PIN ya simu khadi katatu, simuyo imadzitseka n'kufuna nambala ina ya manambala 8 yotchedwa PUK, imene imalembedwa pa kakhadi kaja munathyolapo simu. Musakataye, ndipo musalote manambalawo, pakuti mukaphonya kakhumi simuyo yafa. Foni kapena nyali ya sola yogula pangongole imatsekedwa mukapanda kulipira, n'kutseguka mukalipira. Pamenepo kiyi ali ndi wokongoza kufikira ngongole itatha. Foni yobwera kuchokera kunja ili yomangidwa ku kampani ya kumeneko imafuna kumasulidwa kuti ilandire simu ya kuno, ndipo ngati ndi yanu palibe mlandu. Koma foni yotoledwa m'thumba la munthu pa siteji ya basi, n'kupita nayo kwa mnyamata wa pamsika kuti aifufute zonse, imeneyo yathyoledwa, ngakhale aitchule ndi mawu a Chingerezi osalala bwanji.

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndinene mosabisa. Akakuimbirani munthu wa mawu okoma, nati ali ku kampani ya mafoni, akaunti yanu yatsekedwa, mumuuze PIN kuti akutsegulireni, dziwani kuti mukulankhula ndi mbala imene yaona kuti kupempha kiyi n'kosavuta kuposa kuthyola chitseko. Kampani yeniyeni siifunsa PIN ya munthu. Ndipo inu agogo amene maso anayamba kuchita chifunga, mumapereka foni kwa mdzukulu kapena kwa wapakabuthi kuti akudinireni manambala, sankhani munthu mmodzi yekha, womudziwa mtima, monga mfumu ija inasankhira Eliyakimu. Pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndalama ikatha m'manja mwa mwana wa m'nyumba, mlandu wake umawawa kuposa wa mbala ya kutali.

Atsogoleri ndi a mabungwe nawonso amawakonda mawuwa. Mudzawamva pa misonkhano akunena m'Chingerezi kuti adzachita unlock chuma cha chigawo chino cha Kum'mawa, ulimi wake, malonda a pa msewu wa ku Chanida, ndi luso la achinyamata. Ndi mawu abwino, ndipo amavomereza chinthu choona, chakuti chumacho chilipo kale m'kati, sichichokera kwina. Wakumva ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Bwana, loko wake ndi uti, kodi ndi msewu, ndi mtengo wa feteleza, kapena ndi msika? Nanga kiyi ali ndi yani?"

Funso lomalizali ndinaliona likuyankhidwa pansi pa mtengo wa mango, m'mudzi wina wa m'boma la Sinda, pa gulu la amayi osunga ndalama pamodzi, longa aja kutsidya kwa malire amati banki m'khonde. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, ili ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi ngakhale mmodzi. Tsiku limenelo amayi anasonkhana dzuwa litapendeka, mphasa zitayalidwa, bokosi lili pakati, awiri a makiyi atafika. Wachitatu anali atapita kukapepesa maliro kutsidya kwa dambo. Anamudikira. Mmodzi anali kufuna ngongole ya mwana wodwala, wina ya mbewu, ndipo nyundo inali pafupi m'nyumba yomwe ija, koma palibe anaitchula. Anangokhala akusenda mtedza, akucheza za mvula. Mthunzi utatalika, mayi uja anatulukira, fumbi lili m'miyendo, napepesa kwa anzake atagwada, namasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje chake, kiyi n'kugwera m'dzanja. Atatuwo anagwada mozungulira bokosi, aliyense pa loko wake, maloko n'kulira motsatana, khethe, khethe, khethe. Wapampando anatukula chivundikiro, ndipo owerenga ndalama anayamba kuwerenga mokweza, gulu lonse likubwereza pambuyo pawo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

(Kalimba akwerenso.)